Maziko a masamu ku yunivesite: n'chifukwa chiyani ophunzira anzeru amapunthwa pa zinthu zazing'ono?

Chaka chilichonse pamakhala ophunzira amene amafika ku yunivesite atakhoza bwino masamu a ku sekondale, koma zotsatira za mayeso oyamba zikangotuluka amayamba kudzikayikira. Palinso ena amene anasankha zaumoyo, utolankhani, malamulo kapena maphunziro a chikhalidwe cha anthu poganiza kuti atsanzikana nawo masamu, n'kudzapeza kuti pa ndandanda wa maphunziro awo pali phunziro la ziwerengero lomwe sangalizembe. Onsewa amafunsa chimodzimodzi: masamu amene yunivesite ikufuna ndi ati, popeza amene tinaphunzira aja akuoneka kuti sakukwanira? Aphunzitsi amayankha kuti "maziko ndi ofooka", koma si kawirikawiri kuti afotokoze kuti mazikowo n'chiyani.

Yesani kaye funso ili musanapitirize. Pa yunivesite ina, ophunzira ndi ochuluka kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi aphunzitsi. Chilembo S chiimire chiwerengero cha ophunzira, P chiimire chiwerengero cha aphunzitsi. Lembani zimenezi mwa masamu.

John Clement ndi anzake a pa University of Massachusetts anapereka funso lomweli kwa ophunzira 150 a chaka choyamba cha uinjiniya, ndipo zomwe anapeza anazifalitsa mu 1981. Ophunzira 37 pa 100 alionse analakwa, ndipo ambiri mwa olakwawo analemba 6S = P. Yankho lolondola ndi S = 6P. Kuti muone chifukwa chake, ikani manambala enieni: aphunzitsi akakhala 10, ophunzira ndi 60, ndiye 60 = 6 × 10. Koma 6S = P ikunena kuti ophunzira akakhala 60, aphunzitsi ndi 360. Ophunzirawa sanali mbuli pa masamu. Chimene chinawagwetsa ndi kusandutsa chiganizo kukhala zizindikiro, komanso kusakhala ndi chizolowezi choyesa yankho ndi manambala kuti aone ngati likumveka. Maziko amene aphunzitsi amadandaula nawo ali pamenepa.

Masamu ndi luso loganiza ndi manambala: kusiyana kwake

Pali zinthu ziwiri zoyandikana zomwe nthawi zambiri zimasakanizidwa. Choyamba ndi masamu a maziko: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, mafulakishoni, madesimo, maperesenti, aljebula, ndi kuwerenga magirafu. Aljebula ndi masamu amene chilembo chimaimira nambala yosadziwika kapena yosinthasintha. Dzinali linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, omwe anali pa mutu wa zomwe katswiri al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820.

Chachiwiri ndi chomwe m'mabuku a Chingerezi amati quantitative reasoning, lomwe ndi luso loganiza ndi manambala pa nkhani zenizeni. Apa funso silibwera litakonzedwa kale ngati pa mayeso. Muli ndi lipoti, tebulo la ziwerengero, kapena munthu amene akunena kuti chinthu "chakwera ndi 40 peresenti", ndipo ntchito yanu ndi kudziwa chomwe nambalayo ikuwerenga, chomwe ikuyerekezedwa nacho, komanso ngati ikuchirikizadi mfundo imene akuikokera.

Tingayerekeze ndi chilankhulo. Masamu a maziko ali ngati kudziwa zilembo ndi malamulo a kalembedwe. Luso loganiza ndi manambala lili ngati kuwerenga kalata n'kumva zomwe wolembayo akutanthauza, ngakhale zomwe wabisa. Munthu angathe kukhoza choyambacho, chachiwiri n'kumuvuta. Koma chachiwiri sichiyenda popanda choyamba.

Mafulakishoni, mwala wa pansi penipeni

Anthu ambiri amaganiza kuti wophunzira wolephera calculus, masamu oyeza momwe zinthu zikusinthira, walephera chifukwa mfundo zake n'zozama. Aphunzitsi amene amachonga mapepala amaona zina. Nthawi zambiri wophunzirayo amayamba bwino, mfundo yatsopano ija waigwira, koma pa mzere wachitatu kapena wachinayi n'kuphonya pophatikiza mafulakishoni kapena potsegula mabulaketi. Chamugwetsa ndi phunziro lomwe analidutsa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Tengani cholakwa chotchuka ichi: 1/2 + 1/3 = 2/5. Munthu waphatikiza za pamwamba pazokha, za pansi pazokha. Yankho lenileni ndi 5/6. Koma chofunika kwambiri kuposa njira yopezera 5/6 ndi kuzindikira kuti 2/5 siingatheke n'komwe. Muli ndi theka la chinthu, mwawonjezerapo china, zingatheke bwanji kuti mutsale ndi chochepera theka? Wophunzira amene amaona fulakishoni ngati nambala imodzi yokhala ndi kukula kwake amadabwa nthawi yomweyo. Amene amaiona ngati manambala awiri osanjikizana sadabwa, amangopitiriza.

Cholakwa china cha mtundu womwewo n'chakuti (a + b)² = a² + b². Chimaoneka chaudongo, n'chifukwa chake chimakopa. Ikani a = 2 ndi b = 3. Mbali ya kumanzere ikupereka 25, ya kumanja 13. Zasiyana ndi 12, yemwe ndi 2ab wotayika, popeza yankho lolondola ndi a² + 2ab + b². Kuyesa kumeneku kumatenga masekondi khumi okha, ndipo ine ndimaona kuti palibe chizolowezi china chopulumutsa malikisi ochuluka chonchi.

Kufunika kwa mafulakishoni si maganizo chabe. Mu 2012, Robert Siegler ndi anzake anafalitsa kafukufuku wotsatira ana a ku United States ndi ku United Kingdom kwa zaka zingapo. Anapeza kuti momwe mwana wa ku pulayimale amamvetsera mafulakishoni ndi kugawa zimaneneratu momwe adzakhozere aljebula ndi masamu onse a ku sekondale, ngakhale mutaganizira kusiyana kwa nzeru za anawo, maphunziro a makolo awo ndi chuma cha pabanja. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Liwiro ndi mtunda wogawa ndi nthawi. Mlingo wa mankhwala ndi mamiligalamu pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwayi woti chinthu chichitike ndi fulakishoni. Peresenti ndi fulakishoni yomwe pansi pake pali 100. Kupendekeka kwa mzere pa girafu, komwe ndi khomo lolowera mu calculus, nakonso ndi fulakishoni. Munthu akapanda kukhazikika pamenepa, amanyamula vutolo kulowa nalo m'kalasi iliyonse, ndipo m'kalasi iliyonse limavala dzina lina.

Peresenti ya chiyani?

Peresenti siiima payokha, imakhala peresenti ya chinachake, ndipo chinachakecho chikasintha tanthauzo limasinthanso. Chiwerengero cha 100 chikakwera ndi 50 peresenti chimafika 150. Chikatsikanso ndi 50 peresenti sichibwerera pa 100, chimafika pa 75, chifukwa theka lachiwirili ndi theka la 150. Chimodzimodzinso, odwala matenda ena akachoka pa 2 peresenti kufika pa 3 peresenti, wina anganene kuti akwera ndi 1 yokha, wina n'kunena kuti akwera ndi 50 peresenti. Onse awiri akunena zoona. Woyambayo wachotsera, wachiwiriyo wayerekeza kukwerako ndi pomwe zinayambira. Wowerenga amene sakudziwa kusiyanaku amatengeka ndi aliyense amene wasankha nambala yomukomera.

Pali chitsanzo chomwe chimasokoneza ngakhale akatswiri. Tinene kuti matenda ena amagwira munthu mmodzi pa anthu 1,000. Chipangizo choyezera chimawapeza nthawi zonse mwa wodwala, koma chimalakwitsanso n'kusonyeza matenda mwa anthu 5 pa 100 alionse amene alibe matendawo. Munthu wongosankhidwa mwachisawawa wayezedwa, ndipo chipangizo chati ali nawo. Mwayi woti akudwaladi ndi wochuluka bwanji?

Funso longa ili linafunsidwa kwa madokotala ndi ophunzira udokotala 60 m'zipatala zophunzitsira za Harvard, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1978. Pafupifupi theka anayankha kuti 95 peresenti. Anthu 11 okha ndi amene anapeza yankho lolondola, lomwe ndi pafupifupi 2 peresenti. Njira yofikira pamenepo ndi kusiya maperesenti n'kuyamba kuwerenga anthu. Pa anthu 1,000, mmodzi akudwala ndipo chipangizo chamupeza. Pa 999 otsalawo, pafupifupi 50 chawanamizira. Onse amene chipangizo chawaloza ndi 51, koma wodwala weniweni ndi mmodzi. Mmodzi pa 51 ndi pafupifupi 2 peresenti. Palibe fomula yovuta yomwe yagwira ntchito apa, koma kufunsa kuti 5 peresentiyo ndi ya gulu liti, ndipo gululo ndi lalikulu bwanji. Katswiri wa za maganizo Gerd Gigerenzer wakhala akusonyeza kuti anthu, madokotala omwe, amayankha bwino mafunso oterewa akawalemba monga chiwerengero cha anthu m'malo mwa maperesenti.

Nkhani ina ndi ya University of California ku Berkeley mu 1973. Pa amuna amene anafunsira malo a maphunziro apamwamba, pafupifupi 44 peresenti anatengedwa, pomwe pa akazi anatengedwa pafupifupi 35 peresenti. Poyang'ana manambala awiriwa, munthu anganene kuti akazi ankasalidwa posankha. Koma akatswiri ataunika dipatimenti iliyonse payokha, anapeza kuti m'madipatimenti ambiri akazi ankatengedwa mofanana ndi amuna, mwinanso kuposerapo pang'ono. Chomwe chinachitika n'chakuti akazi ambiri anafunsira m'madipatimenti momwe malo anali ochepa ndipo okanidwa anali ambiri, amuna ndi akazi omwe, pomwe amuna ambiri anafunsira momwe munali mosavuta kulowa. Zoterezi zimatchedwa Simpson's paradox, kutengera Edward Simpson yemwe anazifotokoza mu 1951: zomwe zikuoneka m'magulu ang'onoang'ono zimatha kuzimiririka kapena kutembenuka magulu akaphatikizidwa. Dziwani kuti kuunikaku sikunathetse funso lonse la chilungamo, kunangolisunthira pena, pa chifukwa chomwe madipatimenti ena anali ndi malo ochepa. Manambala owerengedwa bwino nthawi zambiri amachita zimenezi, amakusonyezani pomwe funso lenileni lili.

Avereji nayo ili ndi msampha wake. Anthu 9 akamalandira 100 aliyense, wa nambala 10 n'kumalandira 10,000, avereji ya malipiro awo ndi 1,090, ndalama yomwe palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira. Mukawandandalika kuyambira wochepetsetsa n'kutenga wa pakati, mupeza 100. Nambala ya pakatiyi amaitcha median, ndipo pa nkhani ngati za malipiro imapereka chithunzi choyandikira moyo wa anthu ambiri.

Mayunitsi, ndi kuponya diso yankho lisanabwere

Nambala yopanda yunitsi ili ngati chiganizo chosamalizidwa. Mu September 1999, chombo cha NASA, bungwe la ku United States lofufuza za m'mlengalenga, chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku Mars. Pulogalamu ina ya kompyuta inkapereka mphamvu ya mainjini ake m'mayunitsi a mapaundi, pomwe pulogalamu yolandira manambalawo inkawatenga ngati ali m'ma newton. Paundi imodzi ya mphamvu ndi ma newton pafupifupi 4.45. Kwa miyezi yambiri ya ulendo kusiyanako kunkaunjikana, mpaka chombocho chinadutsa pafupi kwambiri ndi Mars kuposa momwe anakonzera. Namwino wowerengera mankhwala kapena injiniya wowerengera kulemera komwe mlatho ungasenze amakumana ndi ngozi yomweyi tsiku lililonse. Chizolowezi choteteza n'chophweka: lembani yunitsi pambali pa nambala iliyonse, pa mzere uliwonse, ndipo muone ngati yunitsi yotsala kumapeto ndi yomwe funso likufuna. Mukafuna liwiro koma n'kutsala ndi maola ogawa ndi makilomita, mwatembenuza kugawa kwanu.

Mnzake wa chizolowezi chimenechi ndi kuyerekeza yankho mwachisawawa musanagwire kakyuleta. Enrico Fermi, katswiri wa fizikisi, anatchuka nalo luso limeneli. Pa kuyesa koyamba kwa bomba la atomu mu July 1945, iye anagwetsa tizidutswa ta pepala pomwe mphepo ya kuphulikako inkadutsa, n'kuona mtunda womwe tinakankhidwira. Anayerekeza kuti mphamvu yake inali ngati ya matani 10,000 a TNT, mankhwala ophulitsira zinthu. Zipangizo zitawerengedwa zinapereka matani pafupifupi 20,000. Sanalondole ndendende, koma anagwera m'dera loyenera. Kwa wophunzira phindu lake ndi ili: ngati mukudziwa kuti 48 × 21 iyenera kukhala pafupi ndi 50 × 20, yomwe ndi 1,000, kakyuleta ikakupatsani 10,080 mudziwa kuti chala chaphonya penapake. Kakyuleta imayankha funso lomwe mwaifunsa, ilibe njira yodziwira ngati ndi lomwe mumafuna kufunsa.

Malo amodzi omwe kuyerekeza kwa m'mutu kumatinamiza pafupifupi tonse ndi kukula kowirikiza. Chinthu chomakula ndi 7 peresenti pachaka chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 10, kanayi m'zaka 20, ndipo ka 8 m'zaka 30. Njira yachidule ndi kugawa 70 ndi peresenti ya kukulako, ndipo mupeza nthawi yowirikizira kawiri. Chiwongola dzanja, kuchuluka kwa anthu, ndi kufala kwa mliri ukangoyamba, zonsezi zimayenda motere.

Mantha amadya malo oganizira

Kuopa masamu ndi chinthu chenicheni chomwe ofufuza akhala akuchiyeza kuyambira m'ma 1970. Mark Ashcraft ndi Elizabeth Kirk anasonyeza mu 2001 momwe manthawa amagwirira ntchito. Munthu akamawerengera amasunga tinthu tingapo m'mutu nthawi imodzi: nambala yomwe wanyamula, sitepe yomwe ali, chomwe funso likufuna. Malo osungira zimenezi ndi ochepa, ali ngati katebulo kakang'ono. Nkhawa ikabwera imakhala pa katebulo komweko, ndipo malo a ntchito amachepa. N'chifukwa chake wophunzira amatha kuchita samu bwinobwino ali kuchipinda kwake, n'kuilephera samu yomweyo pa mayeso.

Fanizo la katebuloli likufotokozanso chifukwa chake kuzolowera zinthu za pansi kuli kofunika. Ngati 7 × 8 kapena kuphatikiza mafulakishoni kukufuna kuti muime n'kuganiza, kwatenga malo omwe mfundo yatsopano imayenera kukhalapo. Zikamabwera zokha, malowo amatsala. Choncho mkangano wakale woti chofunika ndi kumvetsa kapena kuloweza suthandiza kwenikweni wophunzira, chifukwa amafunika zonse ziwiri.

Momwe maziko amamangidwira munthu atakula kale

Poyamba ndi kupeza pomwe pali mng'alu. Mayunivesite ambiri amapereka mayeso oyezera mlingo wa wophunzira akangofika, ndipo amene sanapatsidwe angadziyese yekha ndi mafunso 20 kapena 30 a mafulakishoni, maperesenti, manambala a pansi pa ziro ndi aljebula yoyambirira. Kawirikawiri sizikhala kuti zonse zagwa. Zimakhala mfundo ziwiri kapena zitatu, ndipo kuzibwereza si chinthu chochititsa manyazi ngakhale zili za ku pulayimale.

Kenako ndi kaphunziridwe. Kuwerenga samu yomwe wina wachita kale kumapatsa munthu mtima woti wamva, chifukwa mzere uliwonse umaoneka womveka. Kumva kwenikweni kumayesedwa mukatseka buku n'kuyamba pa pepala loyera. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene anadziyesa okha pokumbukira zomwe anawerenga anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene anangobwereza kuwerenga, ngakhale kuti obwereza kuwerengawo ndi amene ankadzidalira kwambiri. Kufalitsa nthawi kumathandizanso. Kuyambira pa ntchito ya Hermann Ebbinghaus ya mu 1885, zakhala zikudziwika kuti munthu amaiwala msanga zomwe waphunzira kamodzi, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumachedwetsa kuiwalako. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a usiku umodzi.

Njira ina yomwe ophunzira saikonda poyamba ndi kusakaniza mitundu ya mafunso. Buku likapereka mafunso 20 a mtundu umodzi motsatizana, simufunikanso kuganiza kuti mugwiritsa ntchito njira iti, mutu wa tsambalo wakuuzani kale. Pa mayeso ndi pa ntchito palibe mutu wotere. Doug Rohrer ndi Kelli Taylor anapeza mu 2007 kuti ophunzira amene anachita mafunso osakaniza ankalakwitsa kwambiri pa nthawi yoyeserera, koma anakhoza bwino kwambiri pa mayeso a patsogolo. Kuvutika kwa pa nthawi yoyesererako ndi mbali ya kuphunzira.

George Pólya, katswiri wa masamu wa ku Hungary, anaika mu 1945 masitepe anayi othetsera funso: limvetseni, konzani njira, itsateni, kenako cheukani muone zomwe mwapeza. Sitepe yoyamba ndi yomaliza ndi zomwe ophunzira ambiri amadumpha, ndipo ndi zomwe zikanapulumutsa ophunzira a uinjiniya aja pa funso la S ndi P. Kufotokozera mnzanu mokweza chifukwa chomwe mwachitira sitepe iliyonse kumathandiza pa zonse ziwiri. Mutu umodzi susenza denga, komanso pakamwa pamaulula msanga pomwe maganizo adumpha. Izi n'zofunika kwambiri masiku ano pomwe mapulogalamu a pa intaneti amatha kupereka yankho lonse ndi masitepe ake. Amathandiza mukawagwiritsa ntchito mutayesa kale nokha, koma nawonso amalakwitsa, ndipo amene angagwire cholakwacho ndi yekhayo wodziwa kuyesa yankho.

Zomwe mayunivesite akukambirana

Funso la momwe angathandizire wophunzira wofika ndi maziko ofooka silinathe. Njira yakale ndi kumuika kaye m'makalasi okonzekera, omwe nthawi zambiri sawerengedwa pa digiri, asanalowe m'kalasi yeniyeni. Ku United States kunaoneka kuti ophunzira ambiri oikidwa m'makalasi oterewa ankasiyira panjira osafika n'komwe ku phunziro lenilenilo. Choncho madera ena anasintha. Makoleji aboma a ku Tennessee anayamba mu 2015 kulowetsa ophunzira m'kalasi yeniyeni nthawi yomweyo, n'kumawapatsa maola owonjezera a chithandizo pambali. California inakhazikitsa lamulo lotchedwa AB 705 mu 2017 lomwe linachepetsa kwambiri makalasi okonzekera m'makoleji ake. Ogwirizana ndi njirayi amaloza kuchuluka kwa ophunzira amene tsopano amamaliza phunziro loyamba la masamu. Okayikira, omwe ena mwa iwo ndi aphunzitsi a masamu, amada nkhawa ndi wophunzira yemwe watsalira kwambiri, amene maola ochepa a pambali sangamukwanire.

Mkangano wina ndi wakuti aliyense ayenera kudutsa njira yopita ku calculus kapena ayi. Mabungwe monga Charles A. Dana Center ya pa University of Texas ku Austin ndi Carnegie Foundation analimbikitsa njira zosiyanasiyana: aljebula ndi calculus kwa a sayansi ndi uinjiniya, phunziro la ziwerengero kwa a zaumoyo ndi chikhalidwe cha anthu, ndi luso loganiza ndi manambala kwa ena. Mbali imodzi imati wophunzira amalimbikira akaona kuti masamu akukhudza ntchito yomwe akuifuna. Mbali ina imati wachinyamata wa zaka 18 akasankha njira yopanda aljebula yokwanira amadzitsekera makomo omwe mwina adzawafuna atasintha maganizo, ndipo kubwerera m'mbuyo kumadya nthawi ndi ndalama.

Chomwe njira zonsezi zimagawana ndi zomwe zili m'masabata oyambirira. Kaya wophunzira akupita ku calculus kapena ku ziwerengero, amayamba ndi mafulakishoni, maperesenti, mayunitsi, magirafu, ndi kusandutsa chiganizo kukhala zizindikiro zomwe angaziyese ndi manambala enieni.